Buleki ya Kumanja

Wapolisi anatsitsa yekha njingayo m'galimoto n'kuiyedzamiritsa pakhoma la khonde, pamene dzulo lake panali mipando ya anthu odzapepesa maliro. Inali idakali yatsopano. Matayala ake anali onenepa, a timano ting'onoting'ono, ndipo mahandulo ake anali opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Kupatula pokalika pamodzi pafulemu ndi fumbi lofiira limene linakanirira m'masipoko, munthu sakanadziwa kuti ndi njinga imene inagwetsa mwini wake.

"Sainani apa, mayi," anatero wapolisiyo.

Amayi sanatambasule dzanja. Chisamba, mwana wawo woyamba, amene anali namwino m'tauni ina yakutali, ndiye analandira cholembera n'kusaina. Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemuwo, anaima pakhomo atapinda manja awo odzaza ndi zipsera za moto wowotcherera zitsulo.

"Palinso izi." Wapolisi anapereka thumba la pulasitiki. Munali chisoti chong'aluka, wotchi, ndi chingwe cha mphira chodula ku chubu chakale.

Onse ankadziwa za chingwecho ngakhale anali asanachione. Loweruka lapitalo, bambo ake a Chisamba anapezeka atafa m'munsi mwa mtsetse wa msewu wa miyala, kunja kwa tauni, dzanja lawo lamanja litamangiriridwa ku lamba wa thalauza, cha kumbuyo. Dokotala analemba kuti anafa chifukwa cha kugwa: nthiti zothyoka ndi magazi otayikira m'kati. Za dzanja lomangidwalo sanalembepo kanthu.

"Ndiye mwatseka nkhani?" anafunsa bambo aang'ono. "Munthu amadzimanga yekha dzanja n'kukwera njinga?"

"Sitinaone chizindikiro choti panali ndewu, bambo. Amene anawapeza tinamufunsa kawiri konse. Akuti anawapeza ali choncho."

"Anawapeza ndani? Mpaka lero simunatiuze."

Wapolisi anatsegula kabuku kake. "Ndi mlonda wa pathanki ya madzi, kumunsi kwa mtsetse komweko. Bambo wina wa dzanja limodzi."

Amayi anakhala pansi pa sitepe. Wapolisi anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyu, koma palibe amene anamuthandiza. Anatsazika n'kupita.

Panyumbapo panalibe amene sankamudziwa munthu ameneyo. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, bambo ake a Chisamba anali kapitawo pa fakitale yocheka matabwa. Tsiku lina macheka anadula dzanja lamanja la wantchito wina, kulekeza m'chigongono. Pa mlandu, kapitawoyo anachitira umboni kuti munthuyo anabwera kuntchito ataledzera. Anamuchotsa ntchito opanda kanthu, ndipo anthu anayamba kumutchula kuti Manzere. Sabata yotsatira anabwera kudzaima pa geti la nyumba yomweyi, bandeji idakali yamagazi. Sanakuwe ayi. Anangonena modekha, Chisamba akumva pawindo: "Akapitawo, tsiku lina mudzadziwa mmene munthu amakhalira ndi dzanja limodzi."

Bambo aang'ono anasendera pa njinga ija. Anaigwira pa chishalo, n'kuinyamula ndi zala ziwiri. "Kupepuka ngati pepala," anang'ung'udza. Anafinya buleki ya kumanzere, matayala onse anagwira. Anafinya ya kumanja. Inalowa yonse mpaka kugunda handulo, popanda chokana.

Anaifinyanso kachiwiri, kachitatu.

"Alamu, taonani kuno." Mawu awo anali atasintha. "Buleki iyi ndi yakufa. Mulibe kanthu m'katimu. Njinga ya masabata atatu buleki ingafe yokha? Wina anaidula. Anawamanga dzanja n'kuwakankhira pamtsetse."

"Tiwauze apolisi," anatero Chisamba.

"Apolisi awa amene angotibwezera chingwe ngati akubweza chenji? Iwe mwana, ubwerere ku odwala ako. Izi zisiyire ife. Anyamata a ku shedi kwanga achimwene ankawakonda. Ndikangonena mawu amodzi, pikapu idzaza."

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, Chisamba anapeza amayi ake m'khitchini akutsuka makapu amene anali otsuka kale. Anatenga nsalu n'kuyamba kupukuta.

"Amayi, bambo ankapita kuti Loweruka lililonse?"

"Kukawongola miyendo. Ndi mmene ankanenera. Chipumireni pantchito, Loweruka silinkawapeza pakhomo pano."

"Ndipo njinga yatsopanoyi? Yakale ija inali itawonongeka?"

"Ili m'chipinda chosungira katundumo, yabwinobwino." Amayi anatsira madzi pa kapu. "Miyezi isanu akudikira imeneyi. Akuti opanga ake atulutsa mtundu wina watsopano, wakale sakuufuna. Tsiku lililonse kushopu, kukafunsa ngati yafika. Ndinawauza kuti, bambo, ine pondifunsira simunayende chonchi." Anaseka pang'ono. "Itafika, ndimayesa asangalala. Koma ayi. Ankangokhala pakhondepo n'kumaiyang'ana ngati akuyang'ana galu woluma."

Kunja kunamveka bambo aang'ono akulankhula pafoni. Mawu ake sankamveka onse, koma Chisamba anamva akuti, "Loweruka, tsiku lomwe anawaphera."

"Amayi, aletseni."

Amayi anapitiriza kutsuka kapu ija mpaka inalira m'manja mwawo.

Kutacha, Chisamba anavala thalauza ndi nsapato zothamangira, anaika chingwe cha mphira chija m'thumba, n'kukankha njingayo mpaka kushopu kumene inagulidwa. Inali shopu yopapatiza, matayala atapachikidwa kudenga, fungo la girisi lili thoo. Makaniko wake, bambo wa imvi wovala magalasi omanga ndi waya, atangoona njingayo anaika sipanala pansi n'kuvula chipewa.

"Ndinu mwana wawo? Pepani, mayi. Ndinamva Lolemba. Munthu ameneyu ankandivutitsa, koma ndimusowa."

"Buleki ya kumanja sikugwira," anatero Chisamba. "Ndikufuna ndidziwe ngati wina anaidula."

"Inde, wina anaichotsa. Ndine."

Chisamba anabwerera m'mbuyo pang'ono. Makaniko sanaone, anali atagwada kale pambali pa njinga.

"Anachita kundipempha eni ake. Taonani. Mabuleki awa ndi a mafuta. Timapaipi tonse tiwiri, ka kutsogolo ndi ka kumbuyo, ndinatilumikiza apa, n'kutipititsa kumanzere. Mukafinya kamodzi, matayala onse agwira. Ya kumanjayi yangotsala ngati chokongoletsa. Magiyanso, mtundu watsopanowu susinthira waya ngati wakale, ndi timabatani. Ndinawaika onse pansi pa chala chachikulu cha kumanzere. N'chifukwa chake ankadikira mtundu umenewu. Wakale uja sizikanatheka bwinobwino."

"Anakuuzani chifukwa chake?"

"Bambo anu? Kufotokoza?" Makaniko anapukusa mutu. "Ndinawafunsa ngati dzanja likuwavuta. Anati ndisamale zanga. Komanso njingayi si ya msinkhu wawo. Iwo anali chimunthu chachitali, iyi ndi yaing'ono. Ndinawauza kuti mawondo azigunda mahandulo. Anangoika dzanja paphewa pawo chonchi, n'kuti, mwini wake amalekeza apa."

Chisamba anatuluka panja. Anaimbira bambo aang'ono n'kuwauza zonse mmene anazimvera, akuganiza kuti wathira madzi pamoto.

"Ndiye kuti Manzere uja ankawaopseza," anatero bambo aang'ono. "Anawauza kuti amugulire njinga, iwo n'kumugulira, iye n'kuwapha basi. Wachita bwino kundiuza. Sitidikiranso Loweruka."

"Bambo aang'ono, sindinatero ine!"

Foni inali itaduka kale.

Anabwerera m'shopu. "Ku thanki ya madzi kuja, njira yachidule ndi iti?"

Makaniko anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Pagalimoto muyenera kuzungulira msewu wa tala, chifukwa mlatho wa pakati unagumuka. Ndi ola ndi theka. Panjinga mudutsa m'nkhalango ya mitengo yodzala, pali kamlatho ka matabwa. Koma njira imeneyo ndi yomwe ikukatsikira pamtsetse uja." Anaima kaye. "Mumatha njinga?"

"Ndinkatha."

Bamboyo anatsitsa chishalo pang'ono, anapopa matayala, n'kumupatsa chisoti chake chimene chinali pamsomali. "Musaifinye mwamphamvu. Imagwira msanga kuposa mmene mukuganizira."

Tala anathera pa nyumba zomaliza za tauni. Matayala atangoponda miyala, phokoso linasintha, linakhala ngati mvula yowaza pamalata. Njingayo inkayenda ngati ikudziwa kumene ikupita. Mabampu amene Chisamba ankayembekezera kuti amugwedeza mano inkangowameza. Akadina kabatani, tcheni inkasuntha yokha mwakachetechete. Zinamukwiyitsa kuti chinthu chimene chinapha bambo ake chingakome kukwera chonchi.

M'nkhalango munali mthunzi wozizira ndiponso mopanda munthu. Mitengo inali m'mizere yowongoka, ndipo pakati pa mizere iliyonse ankaona ngati pali wina waima, koma akayang'anitsitsa panalibe kanthu. Anadutsa zitsa zatsopano ndi milu ya utuchi. Pa kamlatho ka matabwa anatsika n'kukankha, madzi akuda akuoneka m'mipata. Foni inalira kawiri m'thumba. Sanaiyankhe.

Kenaka mitengo inatha, dziko linatseguka, ndipo msewu unangozimiririka kutsogolo kwake. Anaima pamwamba pa mtsetse. Unali wautali, wokumbika ndi madzi a mvula, wodzaza ndi miyala yoyendayenda, ndipo pakati pake unkakhota mwadzidzidzi kulowera kumanzere. Kumunsi kwenikweni kunkaoneka thanki ya madzi pamiyendo yake yachitsulo, ndi kanyumba ka malata pambali pake.

Akanatha kutsika n'kukankha. Koma anaganiza za pikapu, n'kupalasa kamodzi.

Njinga inathamanga nthawi yomweyo. Dzanja lake lamanja linafinya buleki mwa chizolowezi, n'kupeza mphepo. Anafinya kumanzere, matayala onse anagwira nthawi imodzi, la kumbuyo linatsetsereka cham'mbali, miyala ikuuluka. Anamasula, n'kufinyanso pang'onopang'ono. Pokhota paja anaona pamene udzu unagona ndi pamene mapazi ambiri anapondaponda. Anangodutsa, maso ali patsogolo. Atafika pansi anapeza kuti wadziluma mlomo mpaka magazi.

Manzere anali panja, akuwaza nkhuni ndi dzanja limodzi, chikuni atachiponda ndi phazi. Anali wamfupi, wakuda, mkono wa malaya wa kumanja ataupinda n'kuumanga ndi pini. Ataona njingayo anasiya kuwaza, koma nkhwangwa sanaiike pansi.

"Ndinu mwana wa akapitawo," anatero. "Munali pawindo tsiku lija."

"Bambo aang'ono akubwera ndi anthu. Akuti munawapha bambo anga."

"Ndimawadikira kuyambira Loweruka." Anayang'ana kumsewu, kenaka kwa Chisamba. "Inu mwabwera kudzandichenjeza, kapena kudzayambirira?"

"Ndabwera kudzamva."

Manzere anakhomerera nkhwangwa pachitsa. Analoza mwala waukulu umene unali pafupi ndi khomo. "Khalani pamenepo. Ndi mpando wa bambo anu. Zaka ziwiri akubwera kuno Loweruka lililonse, ndipo m'nyumba mwanga sanalowemo n'kamodzi komwe. Sindinawalole."

"Ankadzatani?"

"Kukhala. Tsiku loyamba ndinawathamangitsa ndi nkhwangwa yomweyi. Sabata yotsatira anabweranso. Ankakhala pamwalapo ola lathunthu osanena kanthu. Akaona ndikuvutika ndi chinthu, ankanyamuka n'kugwira mbali ina, kenaka n'kubwerera pamwala. Ine ndinkadikira mawu amodzi okha. Iwo ankandibweretsera misomali."

Chisamba anakhala pamwalapo. Unali wosalala, wofunda ndi dzuwa.

"Ndisanaduke dzanja ndinali katswiri wa njinga," anapitiriza Manzere. "Tsopano mwana wanga wamkazi ali kusukulu yogonera konko kutauni. Kuti ndikamuone ndimayenda maola anayi wapansi. Bambo anu anazimva. Masabata atatu apitawo anafika ndi chinthu ichi, akuti ndi changa. Ndinawauza kuti, akapitawo, munanditengera dzanja, tsopano mukufuna khosi? Munthu wa dzanja limodzi angatsike mtsetse uwo? Iwo anauyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, ndiyamba ndayesa ndekha."

Chisamba anatulutsa chingwe cha mphira chija.

"Ndicho," anatero Manzere. "Poyamba ankangoika dzanja kumbuyo, koma njinga ikangogwedezeka dzanjalo linkathamangira pa handulo lokha. Akuti limawanamiza. Ndiye anayamba kulimanga. Anandionera mmene ndimamangira nkhuni ndi mano. Ankamanga mfundo pamkono, n'kukokera nsonga inayo ku lamba. Loweruka loyamba anayambira kumunsi kwa pokhota. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu anakwera mpaka pamwamba."

Chisamba anayandikitsa chingwecho kumaso. Pafupi ndi mfundo panali zidindo za mano, zambiri, zina pamwamba pa zinzake. Pakati pa mano awiri akutsogolo panali mpata, ngati wa m'kamwa mwa bambo ake. Anautsata ndi chikhadabo, ndipo kwa nthawi yoyamba chiikireni maliro analira mokweza, atawerama, chisoti chili kumutu.

Manzere anamusiya alire. Atatonthola, bamboyo anakhala pachitsa, n'kulankhula akuyang'ana pansi.

"Pali china chimene apolisi sindinawauze. Ndinawaona akugwa. Ndinali pompano. Sindinathamange. Ndinaima, ndikuyang'ana fumbi likutsika. Mumtima mwanga munabwera chinthu choipa, chikuti, adziwe. Ndinaima mwina nthawi yokwanira kuwiritsa madzi a tiyi. Kenaka ndiye miyendo inayenda." Anakweza maso. "Akuti ndinu a chipatala. Ndikanathamanga nthawi yomweyo, akanakhala moyo?"

Chisamba anaganiza za nthiti, za magazi otayikira m'kati, za kutalika kwa msewu wopita kuchipatala. Ankadziwa kuti yankho lenileni palibe amene angalidziwe.

"Ayi," anatero. "Sakanakhala moyo. Ndipo zimenezi musadzamuuzenso munthu wina."

Patali panaoneka fumbi, likubwera kuchokera mbali ya msewu wa tala. Linakula pang'onopang'ono, kenaka kunamveka injini.

"Lowani m'nyumba mutseke," anatero Chisamba.

"Ndakhala ndikubisala zaka zisanu ndi zinayi chifukwa cha mlandu woti sindinapalamule. Lero ayi."

Pikapu inaima patsinde pa thanki. Kumbuyo kunadumpha amuna asanu ovala maovolosi, wina atanyamula chitsulo cha paipi, wina botolo la petulo. Bambo aang'ono anatsika kutsogolo osatseka chitseko. Mbali inayo kunatsika amayi, pang'onopang'ono, atagwira chitseko kuti asagwe.

"Choka pamenepo, iwe mwana," anatero bambo aang'ono.

Chisamba anaima pakati pawo ndi Manzere, n'kutambasula dzanja limene munali chingwe. "Yambani mwaona ichi. Pafupi ndi mfundo."

"Ndachiona kale."

"Simunachione. Onani manowo."

Bambo aang'ono anachilanda mwaukali. Anachiyang'ana, n'kuchitembenuza, n'kuchiyang'ananso. Lilime lawo linapita lokha pa mpata wa mano awo akutsogolo, mpata womwewo umene anali nawo achimwene awo.

"Anadzimanga okha," anatero Chisamba. "Ankayesa ngati munthu wa dzanja limodzi angatsike mtsetsewo. Njingayi ndi ya bambowa."

"Bodza! Achimwene angadziphere chidakwa chimene chinadzidula chokha dzanja? Chifukwa chiyani?"

Munthu wa paipi uja anasendera kutsogolo. Manzere anaimirira.

"Ndinawapeza akupumabe," anatero, mawu ake osakwera. "Ndinafuna kumasula dzanjalo, koma kuti ndilifike ndinayenera kuwatembenuza, ndipo ndikangowagwira ankakuwa. Ndiye ndinangowaika mutu pamwendo panga. Anandiyang'ana n'kunditchula dzina langa lenileni, limene anthu anaiwala. Kenaka anati, simunaledzere. Ananena kawiri. Basi."

"Ndani anamva zimenezo? Mbalame?" anakuwa bambo aang'ono.

"Ine ndinamva kalekale, alamu."

Onse anatembenuka. Amayi anali ataima pafupi ndi pikapu, manja ali pamimba.

"Macheka aja anali ndi chitsulo chotchingira. Chinkachedwetsa ntchito, ndipo mabwana ankawakalipira. Achimwene anu ndi amene analamula kuti chichotsedwe. Anandiuza tsiku lomwelo la ngozi, magazi a bambowa ali pamalaya. Ine ndi amene ndinati, mukanena zoona ana adya chiyani? Tsiku la mlandu ndinawasitira malaya oyera, n'kuwaperekeza mpaka pageti." Anayang'ana Manzere kwa nthawi yoyamba. "Ngati mukufuna woti mumuwotche, alamu, botolo lija bweretsani kuno."

Mphepo inkaliza makwerero a thanki. Munthu wa botolo uja analibisa kumbuyo, kenaka anabwerera n'kukaliika m'galimoto. Anzake anamutsatira mmodzimmodzi, ngati anthu amene alowa m'nyumba yolakwika.

Amayi anayenda mpaka pamene panali Manzere. Anayamba kugwada, koma iye anawagwira pachigongono.

"Ayi, mayi. Sindinakonzeke. Mwina tsiku lina." Anawasiya. "Koma mawu amene mwanenawa, mukawanenenso pamaso pa mwana wanga. Anakula akumva kuti bambo ake ndi chidakwa."

"Ndikanena," anatero amayi. "Ndi kwina kulikonse kumene mungafune."

Chisamba anavula chisoti n'kukankha njinga ija mpaka pakhomo. "Nanga iyi, bambo?"

"Sindinanene kuti ndailandira." Manzere anaiyang'ana kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. "Mwatsika nayo pamtsetse?"

"Ndatsika. Ndi manja awiri."

"Pali njira ina yodzera kumunsi, yaitali koma yosalala. Ndikanawauza." Anagwira chishalo. "Isatsamire khoma, ingakalike. Ili ndi malo ake kuseriku."

Anawatsogolera kuseri kwa nyumba. Pamenepo panali chitsulo chozikidwa m'simenti, chofika m'chiuno, chokhala ndi mkono wopindika wokutidwa ndi mphira, ndipo pansi pake panali chopondera. Manzere anaponda, mkonowo unatseguka. Anachotsa phazi, unatseka.

"Akuti tayala likaphulika, ichi chizindigwirira njinga, ine n'kumakonza ndi dzanja langali. Bambo anu anachipanga masabata awiri, ine ndikuwatukwana. Sanachimalize."

Bambo aang'ono anali atawatsatira mwakachetechete. Anagwada pambali pa chitsulocho monga amachitira munthu wodziwa ntchito. Anachigwedeza, n'kupeza kuti mabauti awiri a pansi anali osamanga. Kenaka anayendetsa chala chawo chachikulu m'mphepete mwa chitsulo chonse, m'makona, pansonga za mabauti, ngakhale kunsi kwa chopondera kumene diso silifika. Paliponse panali popalidwa ndi tupa mpaka kusalala. Panalibe ngakhale pamodzi pamene pakanatha kucheka chala cha munthu.

Anakhala chogwada nthawi yaitali, chala chili pachitsulo. Kenaka anapukuta kumaso ndi mkono wa ovolosi, n'kutambasula dzanja osatembenuka.

"Wina andipatse sipanala," anatero.